Umboni wa Amake Mapasa

Kodi mukuganiza kuti a Mamita adaponya phazi kangati tsiku limene mkazi wawo adawaona akuyenda? Mpingo wonse udamva nkhaniyi, udaimba ndi kuomba m'manja, koma mwa anthu onse aja palibe ngakhale mmodzi amene adafunsa funso limeneli.

Lachiwiri m'mawa, amake mapasa, mkazi wa a Mamita, ankasita malaya a anthu patebulo la pabalaza pamene adamva odi pakhomo. Adali a dikoni a ku tchalitchi kwawo, chipewa chili m'manja, thukuta lili kamukamu, nkhope ikuwala ngati ya munthu amene wabwera ndi mphatso. Adakana mpando, adati sakhalitsa. Adayamba ndi kuyamikira umboni umene mayiwo adapereka Lamulungu. Adati pa zaka zonse zimene akhala mumpingo uja sadaonepo amayi akulira ndi chimwemwe chotero, ndipo ngakhale iwo amene, munthu wouma maso, adapukuta misozi ndi tayi. Atatha zimenezi adacheukira pakona pamene padali njinga ya olumala, yopindidwa bwinobwino, kapilo kali pamwamba.

"Mulungu amadziwa kulinganiza nthawi, mayi," adatero a dikoni. "A Besi, bambo aja oimba besi m'kwaya, atuluka dzulo m'chipatala. Mwendo uja audula pamwamba pa bondo, shuga sanawachitire chifundo. Ife a komiti timagwira mitu kuti titani poti njinga ndi imodzi, basi inu mukuimirira n'kutiuza kuti bambo ayenda. Wina akudzukapo, wina akukhalapo."

Amake mapasa adaimika simbi n'kuyang'ana njinga ija. Idali ya mpingo. Inkabwerekedwa kwa wodwala amene akuifuna, ndipo akachira, kapena akatsogola, inkapita kwa wina. M'nyumba muno idalowa miyezi isanu ndi iwiri yapitayo, pamene mwamuna wawo adagwa ndi sitiroko pageti la munthu wina, buku lili m'manja. Ntchito yawo idali yowerenga mamita a madzi khomo ndi khomo, n'chifukwa chake tauni yonse inkawatcha a Mamita. Dzanja ndi mwendo wa kumanzere zidafooka tsiku lomwelo, ndipo ntchito idathera pomwepo, popeza ngakhale adaigwira zaka zambiri, sadalembedwepo ngati antchito okhazikika.

Loweruka lapitalo masana, mayiwo akupinda nsalu kuchipinda, bambo adagwira mutu wa bedi, nadzikoka mpaka kuima. Kenaka adasiya bedi lija n'kuyenda. Amake mapasa adagwada pomwepo, nsalu ili m'manja, n'kulira. M'mawa mwake, nthawi ya maumboni itakwana, adapita kutsogolo nalandira maikolofoni. "Ndikuthokoza Mulungu, bambo kunyumba ayenda," adatero. Kumbuyo kwa mawu amenewa kudali ena amene adawakonza ali m'njira: kuti n'zochepa, kuti ulendo udakali wautali, kuti abale asaleke kupemphera. Koma woimba kiyibodi sadadikire. Amayi adadzuka m'mipando, abusa adatenga maikolofoni m'manja mwawo n'kuyambitsa nyimbo, ndipo iwo adabwerera pamalo pawo akukumbatiridwa uku ndi uku. Tsiku limenelo sadaone cholakwika chilichonse. Adali okondwa, ndipo chimene adanena chidali choona.

Tsopano a dikoni adali atatambasula kale njinga ija n'kumadina matayala ndi chala. Adafunsa kuti bambo ali kuti, mayiwo adayankha kuti akupuma. Izinso zidali zoona. A dikoni adati asawadzutse, munthu wochira kumene amafunika tulo, koma adasendera pakatani ya kuchipinda n'kunena mokweza kuti mpingo ukuyembekezera kuona a Mamita akulowa pakhomo la tchalitchi ndi miyendo yawoyawo. M'katimo mudangomveka kutsokomola.

Amake mapasa adafuna kuwaletsa a dikoni. Akadayamba bwanji? Munthu amene adaima pamaso pa mpingo dzana lomweli angauze bwanji dikoni kuti njinga isapite kwa munthu wodulidwa mwendo? Adangopezeka akuthandiza kuitsitsa pakhonde, akufotokoza kuti buleki ya kumanzere imafuna kukoka mwamphamvu, ndi kuti tayala lina limalira koma silidawonongeke. Kapilo kaja adakasiya pomwepo ngakhale adasoka okha. A dikoni atawathokoza, iwonso adati zikomo, akawapatse moni a Besi.

Atalowa kuchipinda adapeza bambo ali chagada, maso ali kudenga. Chidwalireni ankayankhula pang'onopang'ono, mawu akutulukira mbali imodzi ya kamwa, koma mutu wawo udali wakuthwa monga kale.

"Galimoto yanga yapita?"

"Yapita, bambo."

"Ndalimva tayala lija likulira mpaka pampopi paja." Adapuma pang'ono. "Kodi ku tchalitchi munanena kuti chiyani kwenikweni?"

Mayiwo adabwereza mawu aja monga momwe adawanenera.

"Nambala munanena?"

"Sanandipatse mpata."

A Mamita adaseka ndi theka la kamwa. Adali munthu wa manambala. Ankanyadira kuti pa zaka zonse za ntchito yawo sadalembepo nambala yongoganizira ataima pageti, monga ankachitira anzawo ena poopa agalu kapena matope. Iwo ankagwada, kutsegula chivundikiro, kupukuta galasi ndi chala, n'kulemba chimene chilipo. Loweruka lija adawerenganso mokweza phazi lililonse limene adaponya.

Amake mapasa adati awathamangira a dikoni, sadafike patali. Bambo adapukusa mutu.

"Mukanene kuti chiyani? Kuti Mulungu tinamuthokoza mopitirira muyeso, atibwezereko zina? A Besi mwendo alibe. Ine ndili nayo yonse iwiri, kungoti winawu ndi waulesi."

"Nanga Lachinayi?"

Lachinayi lililonse m'mawa mayiwo ankawakankha panjinga ija kupita kuchipatala kukachita mafizo, kumene ankawaongola ndi kuwaphunzitsanso kugwiritsa ntchito ziwalo zofookazo. Udali ulendo wa ola lathunthu, wodutsa m'kanjira kopapatiza ka pakati pa nyumba, kenaka chitunda chachitali cha pamsewu. Mafizo amenewa ndiwo adawaimika Loweruka lija. Koma odikira malo adali ambiri, ndipo lamulo lidalembedwa pakhoma ndi zilembo zazikulu, lakuti wodwala amene wajomba masabata awiri otsatizana, malo ake amaperekedwa kwa wina. Za galimoto ya hayala sizidali zoganizira n'komwe. Wailesi, filiji ndi njinga ya kapalasa ya bambo zidapita kale ku mankhwala, ndipo kangachepe kamene mayiwo ankapeza pochapa ndi kusita kankathera m'kamwa ndi kwa eni nyumba. Mapasa awo, amene onse adakwatiwa kutali, ankatumiza akapeza, koma mwezi uno sadapeze.

Lachitatu lidali tsiku limene amayi a mpingo ankabwera kudzapemphera, wina atanyamula sopo, wina kashuga, wina ufa pang'ono. Amake mapasa adasesa nakonza mipando monga mwa masiku onse. Amayi aja sadabwere. Adamva kwa mnansi kuti awaona akulowera kwa a Besi akuimba. M'malo mwawo kudatulukira mlamu wawo, mlongo wa bambo, mayi wogulitsa zovala za kaunjika pamsika, amene sankadziwa kubisa mawu. Adali atanyamula nsapato zachimuna m'jumbo. Adati wamva kwa makasitomala kuti achimwene ake akuyenda, ndiye wati asayambe ulendo ndi nsapato zobooka.

Adalowa kuchipinda akuseka, natuluka nkhope itagwa. Adayang'ana pakona popanda njinga paja, nafunsa. Atamva zonse adaponya jumbo ija pampando.

"Alamu, inu ndinu opemphera, ine ndine wakumsika. Koma kumsika sitiitana makasitomala belo lidakali m'njira."

"Ndinangothokoza, alamu."

"Mukanathokozera kuchipinda komweko. Kapena masiku ano Mulungu akumva pokhapokha pamaikolofoni?"

Mlamu adati apita yekha kukaitenga njingayo, iye alibe manyazi ndi madikoni. Koma bambo adamuitana kuchipinda n'kumuuza kuti akangoponda kwa a Besi ndi nkhani imeneyi, pakhomo pano asadzafikenso. Mlamu adang'ung'udza kuti banja lino lafera ulemu. Kenaka adafunsa ngati mmisiri womanga nyumba wa khomo loyandikana adakali ndi wilibala yake.

Lachinayi adalawirira. Amake mapasa adakwecha simenti yonse m'wilibala muja, nayalamo bulangeti ndi mapilo awiri. Bambo adaiyang'ana nthawi yaitali kudzera pakhomo lotsegula. Sadakane, adangopempha kuti awaveke jekete ndi chipewa. Amayi awiriwo adawanyamula, wina kukhwapa wina kumiyendo, n'kuwakhazika. Miyendo idalendewera kutsogolo, ndipo iwo adatsitsa chipewa mpaka pamphuno. Mlamu adagwira zigwiriro, mkazi wawo akuyenda m'mbali atagwira phewa lofooka lija, mtima uli m'mwamba poopa kukumana ndi wa ku tchalitchi.

M'kanjira muja mudali ngalande imene anthu ankaoloka pathabwa. Njinga ya olumala ija inkaidutsa m'munsi mwake pamene padali posaya, koma mlamu adalunjika pathabwa chifukwa tayala la wilibala lidali limodzi. Ali pakati, wilibala idapendekera kumanzere. Munthu wabwinobwino akadagwira m'mphepete n'kudzichirikiza, koma kumanzere ndiko kudali dzanja lakufa. A Mamita adatsetsereka pang'onopang'ono, mkazi wawo akuwakoka jekete, mpaka adagwera m'mbali mwa ngalande. Chipewa chidagwera m'madzi akuda. Anthu awiri atatu adatuluka m'nyumba kudzathandiza, wina akufunsa ngati munthuyo waledzera.

"Ndibwezeni kunyumba," adatero bambo.

Mlamu adati msewu suli patali, ayesenso, aoloka mosamala. Bambo adabwereza mawu omwewo osakweza, ndipo palibe amene adatsutsanso. Pamsewu sadafike n'komwe.

Kunyumba amake mapasa adawatsuka chigongono chosupuka ndi madzi a mchere. Atatha kumanga kansalu, bambo adati tiyeni tithokoze kuti fupa silidathyoke.

"Mwayambanso kuthokoza?" adatero mlamu ataima pakhomo la chipinda. "Nenani motsitsa, achimwene, angamve a dikoni n'kudzatenga bedi."

Bambo adaseka mpaka kutsokomola. Mlamu nayenso adaseka, koma atatuluka kukabweza wilibala, amake mapasa adamuona pawindo ataima kuseri kwa nyumba akupukuta maso ndi mpango.

Lamulungu lotsatira, kwa nthawi yoyamba chidwalire cha bambo, amake mapasa sadapite ku tchalitchi. Ankadziwa kuti aliyense akawafunsa chifukwa chimene abwerera okha. Adapemphera awiriwiri kuchipinda, bambo akutsogolera ndi mawu awo olemera aja. Adathokoza chifukwa cha miyezi isanu ndi iwiri imene njinga idakhala pakhomo pawo popanda kulipira kanthu. Adathokoza kuti a Besi atuluka amoyo. Adathokoza chifukwa cha msana ndi manja a mkazi wawo. Mayiwo adati ameni, koma ameni wake adatuluka wowonda.

Masana aliwonse bambo ankagwira mutu wa bedi n'kudzikoka. Kuima ankaima, koma phazi la kumanzere linkakana kuchoka pansi, ndipo bondo lidayamba kuuma. Ankaima choncho thukuta likutsika, kenaka n'kukhala pansi. Amake mapasa ankatuluka kukachapa. Ali chiweramire pabeseni, ankafunsa Mulungu mumtima kuti adalakwa pati. Sadaname, sadawonjezere, adangolephera kusunga chimwemwe m'kamwa. Nthawi zina ankaganiza zopita kwa abusa kukanena zonse, koma mantha ena ankawagwira, akuti mwina akabweza mawu awo othokoza, nazonso zochepa zimene adapatsidwa Loweruka lija zidzabwezedwa. Ankadziwa kuti Mulungu sachita choncho. Koma kudziwako sikunkachotsa mantha.

Lachitatu linanso litafika, adatsimikiza mtima. Sadawauze bambo. Adasita diresi lawo, nanyamuka masana kupita kwa a Besi, m'njira monse akubwereza mawu. Sakafuna kulanda njinga ayi. Akangopempha kuti aziibwereka Lachinayi lokha m'mawa, n'kumaibweza dzuwa lisanafike pamutu. Adaona kuti pempho lotere ngakhale bambo atalimva sangakwiye nalo kwambiri.

A Besi ankakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa shopu yosokera nsapato. Adawapeza pakhomo akuothera dzuwa panjinga ija, kapilo kaja kali kumsana. Munthu amene mawu ake ankagwedeza mawindo a tchalitchi adali ataonda mpaka kolala ya malaya kuoneka ya wina. Chotsala cha mwendo chidali chokulungidwa ndi bandeji yoyera. Atawaona mlendoyo nkhope yawo idatseguka, naitana mkazi wawo kuti atuluke msanga, kwabwera mayi wa umboni.

Mkazi wa a Besi adali mayi wamng'ono thupi, wa maso ofiira ndi kusowa tulo. Adawagwira amake mapasa dzanja n'kuwalowetsa m'nyumba kuti akatereke tiyi limodzi. Ali m'katimo adayamba kunong'ona. Adati bambo awo atadzuka n'kupeza mwendo palibe, adatembenukira kukhoma n'kuleka kudya. Masiku asanu adangomwa madzi, akunena kuti kuli bwino Mulungu awatenge. Abusa adayankhula, madokotala adayankhula, osatheka. Koma tsiku limene a dikoni adabwera ndi njinga n'kuwauza kuti a Mamita adzuka pampando womwewu, adaitanitsa chakudya. Tsopano m'mawa uliwonse ankawakankha kupita kukiliniki kukatsukitsa bala, osadumphitsa tsiku ngakhale limodzi, chifukwa bala la munthu wa shuga silifuna masewera. Ndipo m'njira monse ankauza aliyense wowapatsa moni kuti njinga iyi siisunga munthu.

"Simudziwa chimene munatichitira, mayi," adatero mayi uja. "Mukanakhala chete tsiku lija, bwenzi pano ndili wamasiye."

Amake mapasa adayang'ana madzi amene adayamba kuwira m'ketulo. Mawu amene adabwereza m'njira monse adali chikhalire, okonzeka, koma adasowa powalowetsa. M'mawa uliwonse, osadumphitsa tsiku. Lachinayi nalonso lili ndi m'mawa umodzi wokha. Ndipo kuti apemphe, adayenera kunena chifukwa chake, a Besi ali pakhomo pomwepo, khutu lili m'nyumba.

Adamwa tiyi panja. A Besi adafunsa za mnzawo, ngati wayamba kale kuzungulira tauni n'kumasuzumira m'mageti a anthu. Mayiwo adayankha kuti pang'onopang'ono.

"Mukamuuze kuti miyendo ikalimba abwere adzandikankheko," adatero a Besi. "Mayi awa ndi ochepa, pachitunda timabwerera m'mbuyo tonse awiri."

Pamene ankatsanzika, eni nyumba adapempha kuti awasiyire pemphero. Amake mapasa adagwada pafumbi pambali pa tayala lolira lija. Adathokoza kuti a Besi akudya. Adathokoza kuti bala likuuma. Atafika pa dzina la mwamuna wawo mawu adawathawa, ndipo eni nyumbawo adayesa kuti ndi chimwemwe, nanena ameni mwamphamvu.

Lachinayi m'mawa adawasambitsa bambo, kuwadyetsa, n'kuwaikira madzi ndi ndowa pafupi ndi bedi. Adati akukapereka zovala za anthu. Bambo adawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, naona kuti m'manja mulibe mtolo.

"Khadi langa la kuchipatala lili m'thumba la jekete," adatero.

Ulendo wa ola lathunthu uja adauyenda theka la ola. Pachitunda paja, pamene masiku onse ankaima katatu kuti apume, adangodutsa, manja akusowa chogwira. Kuchipinda cha mafizo adapeza benchi itadzaza kale. Adadikira mpaka onse olembedwa tsikulo atalowa ndi kutuluka, kenaka adagogoda.

Mayi wa mafizo adali wamfupi, wa magalasi, amene ankakonda kuwatcha a Mamita bwana wa manambala chifukwa ankamukonza akalakwitsa kuwerenga pochita mafizo. Atawaona ali okha adafunsa ngati kwagwa zovuta. Amake mapasa adati ayi, bambo alipo. Ndipo kwa nthawi yoyamba adafotokoza nkhani yonse kwa munthu wakunja: za Loweruka, za maikolofoni, za a dikoni, za wilibala, za a Besi. Adapempha kuti awasungire malo sabata imodzi kapena ziwiri, mwina Mulungu atsegula njira.

Mayi uja adamvetsera osawadula. Adavula magalasi n'kutikita maso. Adati njinga za chipatala sizituluka pageti, ndipo zimene zilipo n'zosakwanira ngakhale m'katimo. Za malo, adatsegula chitseko pang'ono n'kuwaonetsa kumapeto kwa benchi, kumene kudakhala bambo wina wachikulire atachirikiza mkazi wake wopinda khosi. Adati awo akhala akubwera Lachinayi lililonse kwa miyezi itatu, mkaziyo atamubereka kumsana, kudzangofunsa ngati malo apezeka. Lero awauza kuti apezeka. A Mamita awalemba kumunsi kwa mndandanda, ndipo mwina pakatha miyezi inayi kapena isanu adzaitanidwanso.

Amake mapasa adayang'ana anthu awiri aja. Adafuna kukwiya, koma adasowa womukwiyira. Adagwedeza mutu n'kuyamba kudzuka.

Mayi wa mafizo adawauza kuti adikire, avule nsapato agone pamatiresi. Adawagwira mwendo wa kumanzere n'kuwaonetsa pathupi pawo pomwe mmene angapindire bondo, mmene angakankhire phazi m'mwamba ndi chikhato, pamene ayenera kugwira ndi pamene sayenera kukoka. Kenaka adagona iye, nawauza kuti ayesere pa mwendo wake, akuwakonza dzanja mpaka adakhoza. Adati azichita zimenezi m'mawa ndi madzulo, tsiku lililonse, ngakhale bwana wa manambala atakalipa. Sizingafanane ndi za kuno, koma bondo lisaume.

"Zikomo, Mulungu akudalitseni," adatero amake mapasa akuvala nsapato. Mawuwo adatuluka okha monga mwa chizolowezi, koma adazindikira kuti akuchokeradi pansi pa mtima, ndipo zimenezi zidawadabwitsa.

Mayi uja adakhala patebulo, natenga khadi lija kuti alitseke. Adati asanaliike m'kabati ayenera kulembapo pamene wodwala wafika, kuti amene adzamulandire m'tsogolo adzadziwe poyambira.

"Ndiye mwati Loweruka lija anayenda. Anagwira khoma kapena mpando?"

"Ayi, anasiya bedi n'kuyenda okha."

"Anaponya phazi kangati?"

Masabata awiri adali atatsala pang'ono kukwana chichitikire zimenezi. Anthu adaimba, adalira, ena adayambanso kudya chifukwa cha nkhaniyi, koma uyu ndiye adali woyamba kufunsa. Nthawi yonseyi amake mapasa adaibisa nambalayo ngati chinthu chochititsa manyazi, poopa kuti m'makutu mwa anthu idzamveka yochepa kwambiri, yosayenera kuimirira nayo pamaso pa mpingo. Koma adakumbukira mwamuna wawo ataima pakati pa chipinda popanda chogwira, akuwerenga mokweza. Kwa iwo sidali yochepa tsiku lija, ndipo ngakhale lero, njinga itapita ndi malo atapita, sadathe kuiona yochepa.

Adayankha osatsitsa mawu, ndipo mayi wa mafizo adalemba pakhadipo. A Mamita adaponya phazi kawiri.